Mfuti ya gogodela yosayesedwa imayamba ndi mwini wake

Kawiri pachaka, mwezi wa June ndi wa September, kamudzi kotchedwa Friendship m'chigawo cha Indiana ku America kamadzaza ndi alendo. Anthuwa sabwerera mpira kapena msonkhano wa chipani ayi. Amabwera atakoleka mfuti zothirira wonga kukamwa, zomwe Amalawi amazidziwa ndi dzina loti gogodela, kudzapikisana kulasa chandamale. Bungwe lawo la National Muzzle Loading Rifle Association lidakhazikitsidwa mu 1933 ndipo mpaka lero likadalipo.

Ambiri mwa iwo ndi anthu oti atafuna mfuti yamakono angathe kuigula mawa lomwe, koma amasankha yachikaleyi chifukwa choikonda basi. Ena amachita kupangitsa ya oda kwa mmisiri monga momwe munthu amasoketsera suti kwa telala. Mmisiriyo amayeza kutalika kwa mkono wa mwini mfuti, kukula kwa phewa, ngakhalenso pomwe tsaya lidzagone pochalira. Pakati pawo pali kagulu kena komwe kamakonda mfuti za mpope wofupika, zoti munthu n'kuyenda nayo m'tchire lowirira osakodwa m'nthambi.

Mavidiyo a amisiriwa adafika kale m'mafoni a anyamata a pa Jenda, pa Mponela ndi pa Nchalo. Ntchito yake imaoneka ngati yosavuta: chitsulo, thabwa, tupa, kenaka phokoso ndi utsi woyera, anthu n'kuomba m'manja. Mnyamata wodziwa kuwotcherera mageti akaonera angaganize kuti iyeyo angaimalize Loweruka limodzi. Koma kanema wa mphindi zitatu saonetsa chinthu chofunika kuposa zonse, chomwe ndi kuyesa mpope. Apa ndi pomwe pagona kusiyana kwa mfuti yomwe yapangidwa mwaluso ndi ija yabisidwa kudenga kwa nyumba ina kufupi ndi nkhalango ya Kasungu.

Kwa omwe sadaigwirepo, mfuti ya mtunduwu ilibe chipolopolo chobwera chokonzeratu. Woombayo amathira wonga kukamwa kwa mpope, n'kuika kampira ka mtovu kokulunga m'kansalu, kenaka n'kukagogoda ndi kamtengo mpaka katakakhala pa wonga kuthako. Dzina loti gogodela limakumbutsa ntchito yomweyi. Moto umalowera pakabowo kakang'ono chakumbuyo. Mfuti zakale kwambiri zinkadalira mwala womwe umathetheka ukakhula chitsulo, pomwe zobwera pambuyo pake zili ndi kachipewa kamkuwa komwe kamaphulika kakamenyedwa, kaja Aswahili amati fataki. Nzeru yoyatsa wonga pomenya chabe idachokera kwa mbusa wina wa mpingo ku Scotland, Alexander Forsyth, yemwe adalembetsa luso lake mu 1807. Abusawo adali mlenje wa abakha, ndipo adatopa ndi mbalame zomwe zinkauluka zikangoona kuthwanima kwa moto chipolopolo chisanatuluke.

Mfuti yofupika si yachilendo. Alenje a ku Germany m'zaka za m'ma 1700 ankanyamula mfuti yotchedwa Jaeger, ya mpope wonenepa wotalika masentimita 60 kapena 75, wokhala ndi mizere yopotana mkati yomwe imazungulitsa chipolopolo kuti chiyende molunjika. Amisiri a ku Germany atasamukira ku Pennsylvania adaitalikitsa mpaka mpope kuposa mita, n'kuchepetsa chipolopolo, poti mtovu ndi wonga zidali zodula m'dziko latsopanolo. M'zaka za m'ma 1820 anthu apachibale awiri, Jacob ndi Samuel Hawken, adayamba kuifupikitsanso mumzinda wa St. Louis kuti ikomere anthu oyenda pakavalo. Choncho kwa zaka 300 amisiri akhala akukokanakokana pa funso limodzi lomweli, loti mpope utalike bwanji.

Yankho lake lili m'kapsedwe ka wonga. Wonga wakuda ukayaka umasanduka mpweya wotentha womwe umafuna malo, ndipo malo okhawo omwe ungapeze ndi pokankha chipolopolo. Mpope ukakhala wautali mpweyawo umapeza nthawi yokankha, chipolopolo n'kutuluka ndi liwiro lalikulu. Mpope ukafupika chipolopolo chimatuluka msanga mphamvu ina isanagwire ntchito, ndipo wonga wotsala umakapsera panja. N'chifukwa chake mfuti yofupika imalira kwambiri ndi kulavula moto wambiri, koma chipolopolo chake chimafooka msanga. Kuchalira nako kumavuta, poti timizati tiwiri toyang'anira timakhala titayandikana, moti dzanja likangogwedera pang'ono chipolopolo chimakagwa kutali ndi chandamale.

Amisiri okhwima a ku America amazidziwa zimenezi, ndipo sangoyerekeza. Amaika kamakina koyeza liwiro patsogolo pa mfuti, n'kuomba kangapo pamtunda womwewo, uku akulemba m'kope momwe zipolopolo zagwera. Mmisiri angathe kutha miyezi akusema thabwa ndi kusalaza chitsulo, kenaka n'kuthanso masabata akuyesa asanapereke mfutiyo kwa mwini wake. Mpope weniweniwo ambiri sasula okha. Amaugula kwa akatswiri omwe ntchito yawo ndi yokhayo, yoboola chitsulo chathunthu chodziwika mtundu wake n'kusiya khoma lochindikala.

Pali chinthu chimodzi chomwe aliyense wotengeka ndi mfuti yofupika ayenera kuchimvetsa. Kufupikitsa mpope sikuchepetsa ngozi. Mphamvu yaikulu ya wonga imagunda kuthako kwa mpope m'kamphindi koyambirira, chipolopolo chisanasunthe n'komwe patali. Malo amenewo ndi omwe ali pafupi ndi diso, tsaya ndi dzanja la woomba. Mpope ukhale wa mita kapena wa theka la mita, kuthako kumalandira nkhonya yofanana. Choipa kwambiri n'chakuti munthu akaona kuti mfuti yake yofupika ikufooka, nzeru yoyamba kumubwerera ndi yoonjezera wonga. Liwiro limangokwera pang'ono, koma nkhonya ya kuthako ija ndiye imakula, ndipo chitsulo sichichenjeza tsiku lomwe chatopa.

Ku America lamulo la boma lalikulu limasamala kwambiri za mfuti zamakono zofupika. Kuchokera mu 1934 mfuti zotere zimalembetsedwa mwapadera, ndipo malire ake lero ali pa mainchesi 16 a mpope. Koma lamulo la 1968 lidaika mfuti zambiri zothirira wonga kukamwa m'gulu la zinthu zamakedzana, moti mmisiri angathe kuifupikitsa momwe angafunire osapempha chilolezo ku boma lalikulu, ngakhale zigawo zina zili ndi malamulo awoawo. Dzikolo lilibenso lamulo lokakamiza kuti mpope uliwonse ukayesedwe ndi anthu apadera usanagulitsidwe. Udindo wonse uli m'manja mwa wopanga.

Njira imeneyi si yotamandika, ndipo nawo Aamerika idawalumapo. Mu 1997 kampani ya CVA idaitanitsa mfuti zake zina zothirira kukamwa zopangidwa mu 1995 ndi 1996 kuti zibwezedwe, anthu atavulala nazo. Ngati zidatheka ndi mfuti za kufakitale, zokhala ndi nambala ndi dzina la kampani, nanga kuli bwanji yopangidwa usiku kuseri kwa khola?

Dziko lomwe lidaiganizira bwino nkhaniyi ndi Britain. Mu 1637 amisiri a mfuti a mumzinda wa London adapatsidwa mphamvu zoyesa mfuti iliyonse isanagulitsidwe. Mu 1813 nyumba ya malamulo idavomereza kuti nyumba ina yoyesera itsegulidwe ku Birmingham, ndipo nyumba ziwirizi zikugwirabe ntchito mpaka pano. Mpope ukafika kumeneko amayamba auyang'ana mkati ndi kunja, n'kuuyeza kukula kwake. Kenaka amauthira wonga woposa womwe udzalandire pantchito yake, n'kuuomba m'chipinda cha makoma ochindikala mulibe munthu. Ukapirira amautsuka n'kuuyezanso, kufunafuna potupa kapena mng'alu woti diso la munthu wamba silingauone. Pokhapo ndi pomwe amaudinda chizindikiro. Wolephera sudindidwa.

Lamulo la 1868 lidalimbitsa zimenezi, ndipo kugulitsa mfuti yopanda chidindo ku Britain ndi mlandu. Chochititsa chidwi n'chakuti chidindocho si chamuyaya. Mpope ukakulitsidwa mkati kapena kufooketsedwa mwanjira ina, mfutiyo imatengedwa ngati yosayesedwa ndipo iyenera kubwerera kukayesedwanso isanagulitsidwe. Maiko ena adagwirizana nazo, moti mu 1914 kudabadwa bungwe la CIP lomwe limaonetsetsa kuti maiko omwe ali mamembala ake akuyesa mofanana ndi kulemekezerana zidindo. Mfundo yake ndi imodzi: wopanga mfuti asakhale yemweyo wonena kuti mfutiyo ili bwino.

Nkhani ya ku Birmingham ikukhudza Africa kuposa momwe ambiri amaganizira. Mzindawu udalemera ndi mfuti zotchipa zomwe zinkasinthanitsidwa ndi akapolo, ndipo zambiri mwa izo zidali za chitsulo chosalongosoka moti zidatchuka ndi kuphulikira m'manja mwa ozigula. Katswiri wa mbiri yakale wa ku Nigeria, Joseph Inikori, adawerengera kuti pakati pa 1750 ndi 1807 mfuti za pakati pa 283,000 ndi 394,000 zinkalowa kuzambwe kwa Africa chaka chilichonse. Wogulitsa ankadziwa kuti mlenje yemwe waduka zala kutsidya kwa nyanja sadzabwera kudzadandaula.

Kuno mfutizi zidalowera kuvuma m'zaka za m'ma 1800, kudzera ku Zanzibar, Kilwa ndi Quelimane, m'njira zomwezo zomwe minyanga ya njovu ndi akapolo zinkatulukira. Zidafika kwa Jumbe ku Nkhotakota, kwa mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda, kwa Mlozi ku Karonga, komanso kwa Achikunda m'zigwa za Zambezi ndi Luangwa. Mu 1890 maiko a ku Ulaya atakumana ku Brussels adagwirizana zoletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, koma adasiya khomo lotsegula ku mfuti zachikale za mwala ndi wonga wamba. Mzungu adatsala ndi mfuti yothirira kumbuyo yoomba kambirimbiri, munthu wakuda n'kutsala ndi gogodela. Umu ndi momwe mfuti yomwe ku Ulaya idatha ntchito kalekale idakhalira ndi moyo wautali m'midzi ya m'chigawo chino.

Apa amisiri osula ayenera kupatsidwa ulemu wawo. Anthu omwe ankasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo pachipala ndi mvukuto wachikopa adaphunzira okha kukonza mfuti zakunjazi popanda buku kapena sukulu. Kachitsulo kakathyoka ankasula kena, thabwa likang'aluka ankasema lina, mpaka adayamba kupanga mfuti yonse. Limeneli ndi luso lenileni, ndipo wonyoza sadayesepo kusula ngakhale mpeni.

Koma luso la manja silisintha chitsulo. Mfuti za gogodela zomwe alonda a nkhalango amalanda masiku ano zambiri ndi za mapaipi ndi zitsulo zotola. Paipi wamba ya madzi imapangidwa popinda chitsulo chafulati n'kuchiwotcherera m'litali mwake, kotero ili ndi msoko kuchokera uku mpaka uko. Idapangidwira madzi a pampopi, omwe mphamvu yake ndi yamasewera poyerekeza ndi ya wonga. Mmisiri angathe kuisalaza mpaka kuwala, angaikongoletse ndi mkuwa, koma sangaone zomwe zili mkati mwa msokowo. Chotsekera kuthako nacho chikakhala chongowotcherera, tsiku lomwe chidzagonje chidzathawira komwe kuli nkhope ya woomba.

Ndiye pali dzimbiri. Utsi wa wonga wakuda umasiya zotsalira zomwe zimakoka chinyontho, ndipo mfuti yosatsukidwa bwino imadyeka mkati pang'onopang'ono kunja kukuoneka bwinobwino. Mfuti ya mlenje wozembera imagona m'phanga, m'udzu kapena pansi pa nthaka dzinja lonse. Mpope womwe udapirira chaka chatha si womwewo chaka chino.

Ena adzati nawo amisiri a m'midzi amayesa. Amamangirira mfuti kumtengo, kukoka chingwe atabisala kuseri kwa chulu, ikalira osaphulika ndiye kuti yakhoza. Uku si kuyesa ayi, ndi kuchita maere. Kuomba kamodzi kwamphamvu kungathe kuyambitsa mng'alu womwe kunalibe, ndipo popanda zipangizo zoyezera palibe angadziwe. Mfuti yomwe yapirira pamtengo ingakhale itafooka kuposa momwe idalili m'mawa, n'kudzagonja pakuomba kwa khumi ili paphewa pa munthu.

Ngakhale maboma adapusitsidwapo ndi kuyesa kwa chiphamaso kotere. Pa 28 February 1844 sitima yankhondo ya America yotchedwa Princeton idanyamula akuluakulu a boma pamtsinje wa Potomac kukawaonetsa mzinga watsopano wothirira wonga kukamwa, womwe adaupatsa dzina loti Peacemaker. Mzingawo udali utaombedwapo kale, ndipo tsiku lomwelo udalira bwinobwino alendo akusangalala. Poombanso komaliza udaphulika n'kupha anthu asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo nduna ya zakunja Abel Upshur ndi nduna ya asilikali a pamadzi Thomas Gilmer. Pulezidenti John Tyler adapulumuka chifukwa adali atatsalira m'chipinda cha pansi.

Mpope wabwino nawo umaphulika ukagwera m'manja mwa wosadziwa. Chipolopolo chikaima panjira osakakhala pa wonga, mpata wotsalawo ungatupitse kapena kung'amba mpope. Wonga wa m'zipolopolo zamakono uli ndi mphamvu zomwe mfuti yachikale siidapangidwire, ndipo wouthira mu gogodela wanyamula bomba. Kamoto kotsalira mkati kangayatse wonga watsopano munthu akuthira. Nthawi zina mfuti imachedwa kulira, woombayo n'kuitsitsa kuti aone chavuta, ndipo imalira pomwepo.

Komanso mfuti ya mtunduwu siionetsa ngati yadya kale. Nkhondo ya ku Gettysburg itatha mu 1863, asilikali adatola mfuti zoposa 27,000 pabwalo lankhondo. Pafupifupi 24,000 zidali ndi wonga ndi chipolopolo mkati, ndipo masauzande mwa izo zidali zitathiridwa kawiri kapena kuposa apo. Ina adaipeza itathiridwa ka 23. Amenewo adali asilikali ophunzitsidwa, koma mantha ndi phokoso zidawaiwalitsa. Nanga mlenje yemwe ali mumdima, njovu ikulira mbali iyi alonda akubwera mbali inayo?

Mfundo yomweyi ikhudzanso mabanja omwe sadapiteko kuuzimba n'kamodzi komwe. Wonga wakuda ukakhala pouma suola msanga. Mfuti ya agogo yomwe yakhala kudenga zaka 40 ingathe kukhala ndi wonga wamoyo mkati, ndipo mwana woitenga kukasewera, kapena moto ukagwira denga, imalira ngati yathiridwa dzulo.

Pali mbali ina ya nkhaniyi yomwe siyenera kunyozedwa. Mlimi wa m'malire a nkhalango ya Kasungu, Vwaza kapena Nkhotakota sasunga mfuti chifukwa chokonda zamakedzana ngati anzake a ku Indiana. Nguluwe zimamaliza chinangwa usiku umodzi, anyani amathyola chimanga dzuwa likuswa mtengo, mvuu zimadya mpunga, ndipo njovu imodzi ingafafanize thukuta la chaka chathunthu. Njovu 263 zitasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022, kudamveka madandaulo a minda yoonongeka ndi anthu ophedwa mbali zonse ziwiri za malire a Malawi ndi Zambia. Mlimi wotere kawirikawiri sapeza womulipira. Kumuuza kuti ataye mfuti osamuuza chomwe chiteteze munda wake n'kumuseka.

Komabe mfuti ya gogodela si yankho la vuto lakelo. Kawirikawiri siipha njovu nthawi yomweyo. Imailasa n'kuisiya ndi chitsulo m'thupi, bala n'kumanyeka masabata ambiri. Njovu yovulala ndiyo yolusa, ndipo amene amakumana nayo si mlenje uja ayi, koma mayi wopita kumunda m'mawa kapena mwana wopita kusukulu. Mudzi wonse umalipira chifukwa cha kuomba kwa munthu mmodzi.

Dziko nalo lidalipira kale. Ku Majete njovu zidatheratu pofika mu 1992, ndipo zidachita kubwezeretsedwa bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalangoyo mu 2003. Ku Kasungu kudali njovu pafupifupi 1,200 m'zaka za m'ma 1970, koma pofika 2015 zidatsala zosakwana 50. Si zonse zidaphedwa ndi gogodela, poti mfuti zankhondo nazo zidachita mbali yake, koma mfuti yopangira kumudzi ndi yomwe siisowa, yosafuna ndalama zakunja kapena munthu wozembetsa pachipata.

Kwa anthu a m'matauni a malonda nkhawa ndi ina. Chomwe chimapangitsa mfuti yofupika kukoma m'tchire ndi chomwechonso chimaipangitsa kukwana m'thumba la ufa kapena m'jekete. Wogula soya ndi mtedza yemwe akubwerera madzulo ndi ndalama m'chikwama safunsa ngati mpope womwe wamuloza udayesedwa. Amapereka.

Malamulo alipo. Lamulo la mfuti la 1967 limafuna kuti wosunga mfuti akhale ndi chiphaso, ndipo yopangira kunyumba siili kunja kwa lamuloli. Lamulo la nkhalango ndi nyama zakutchire lomwe lidakonzedwanso mu 2017 lidakweza chilango mpaka zaka 30 m'ndende pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere. Pangano la maiko a SADC lothana ndi kufala kwa mfuti lidasainidwira mumzinda wa Blantyre momwemu mu August 2001. Zolembedwa n'zokwanira. Chosowa ndi njira yoti banja lomwe lili ndi mfuti kudenga lituluke nayo popanda kuopa kuti bambo agona kupolisi.

Nanga bwanji osangotsegula nyumba yoyesera mfuti ngati ya ku Birmingham kuti amisiri a m'midzi azigwira ntchito poyera? Maganizowa ndi okoma kumva, koma sangathandize. Nyumba zoyesera zidabadwira kuteteza ogula pamsika wololedwa, pomwe msika wa gogodela m'dziko muno ndi wa mlenje wozembera ndi mbava. Ndipo mpope wa paipi ya madzi sungalandire chidindo kwa woyesa aliyense wodziwa ntchito yake. Phunziro la ku Birmingham ndi lina: ngati dziko lomwe lili ndi zitsulo zabwino ndi amisiri ophunzira silikhulupirira mpope mpaka utayezedwa ndi munthu wapadera, ndiye kuti palibe mfuti ya gogodela ngakhale imodzi m'dziko muno yomwe munthu anganene motsimikiza kuti siiphulika mawa.

Mu 2017 bungwe la African Union lidasankha September kukhala mwezi woti anthu azipereka mfuti zosaloledwa popanda kuimbidwa mlandu, ndipo ndondomekoyi idaonjezeredwa mpaka 2030. Malawi ndi membala wa bungweli. Koma uthenga wotere ukathera m'mahotela a ku Lilongwe ulibe phindu. Uyenera kumveka pachimkuzamawu tsiku la msika pa Chamama, pa Bolero ndi pa Dwangwa, wonenedwa ndi mfumu yomwe anthu amaikhulupirira, ndipo mkulu wa polisi aime pambali pake kutsimikiza kuti wopereka mfuti abwerera kwawo tsiku lomwelo. Munthu mmodzi yekha akamangidwa atapereka mwa kufuna kwake, mfuti zonse zotsala zidzakwera kudenga kwa zaka zina khumi. Safunsa adadya phula, koma wofunsa naye akalumidwa, ena onse amasiya kufunsa.

Ndipo boma likamatenga mfuti libweretse china m'malo mwake: mpanda wamagetsi womwe ukugwiradi ntchito, ndi alonda omwe amafika usiku womwewo akaitanidwa, osati patapita masiku atatu kudzajambula mapesi.

Amisiri nawo asatayidwe. Munthu yemwe angathe kupanga kachitsulo kokhethemulira mfuti ndi tupa yekha angathenso kukonza mjigo, chigayo, ngolo ndi pampu yothirira mbewu. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, liyenera kuwafunafuna anthu otere m'midzi yozungulira nkhalango, kuwapatsa mapepala ndi zipangizo, luso lawo lituluke poyera. Kumanga mlenje n'kusiya mmisiri alibe ntchito ina n'kungodikira mlenje wotsatira.

Si mfuti zonse zoyenera kuotchedwa pamulu. Pakati pa zolandidwa ndi zoperekedwa pangakhale zina zomwe zidaoloka nyanja zaka 150 zapitazo, zokhala ndi zidindo za ku Birmingham kapena Liège pampope ndi zigamba za amisiri a kuno pathabwa. Zimenezo ndi mbiri ya malonda a akapolo ndi minyanga yolembedwa pachitsulo. Akatswiri a nyumba zosungiramo zakale ku Chichiri, ku Mangochi ndi ku Karonga ayenera kuziona zisanaphwanyidwe, n'kuzichotsa wonga, kutseka mpope, ndi kulemba dzina la mudzi ndi nkhani yake agogo odziwa akadali moyo. Banja lomwe likukakamira mfuti chifukwa ndi chikumbutso cha malemu lingalole msanga litadziwa kuti ikakhala m'galasi ndi dzina la agogo awo pansi pake, osati pamoto.

Pakadalipano, banja lomwe lapeza mfuti yotere posasula denga kapena pogawa katundu wa malemu liitenge ngati ili ndi wonga mkati. Wina asasuzumire kukamwa kwake, asaigogode, asayese kuchotsa dzimbiri poiotcha pamoto, ndipo ana asaiyandikire. Isakwezedwenso minibasi kapena kabaza kupita nayo kupolisi itakulungidwa m'chitenje, chifukwa pa rodibuloko palibe adzamve zoti imakaperekedwa. Mkulu wa banja apite kaye chimanjamanja kwa nyakwawa, awiriwo akanene kupolisi kapena kwa alonda a nkhalango, ndipo iwowo abwere adzaitenge pomwe ili.